Musagwetse nyumba yakaleyo, ikonzeni: yambani ndi khitchini



Tikamaliza kukolola, ndalama ya soya, mtedza kapena fodya ikalowa, nkhani imene imakula m'mabanja ambiri ndi ya nyumba. Wina akufuna malata, wina akufuna kuumba njerwa, wina akuti tigwetse yakaleyi timange ina. Lero ndilowerere nkhani imeneyi ngati namwino, chifukwa matenda ambiri amene timalimbana nawo kuchipatala amayambira m'nyumba zomwe timagonamo. Mwana timamupatsa mankhwala a chibayo, amachira, timamutulutsa. Koma amabwerera kukhitchini komwe kuja kwa utsi, kuchipinda komwe kuja kwa udzudzu. Pakatha miyezi iwiri mayi yemwe uja ali pamzere, mwana yemweyo kumsana, buku la kusikelo m'manja.

Ngati maziko ndi makoma zili zolimba, nyumba yakale siyofunika kugwetsa. Mukhoza kuikonza pang'onopang'ono kuti izidya nkhuni zochepa, izikhala yozizirira nthawi yotentha, iziwala usiku popanda parafini, komanso isamadwalitse ana. Ndikunena zimene ndinaona pamene ine ndi achimwene anga tinkakonza nyumba ya mayi athu kumudzi. Nyumbayo anamanga ndi malemu bambo athu ife tili ana: njerwa zootcha zomangira dothi, malata opanda siling'i, timawindo tiwiri tamatabwa tomwe sitinkatsegulidwa n'komwe. Tinaikonza m'zilimwe zitatu, ndipo tinayambira kumene anthu ambiri amamalizira, kukhitchini.

Chifukwa chake ndi ichi. Kalembera wa anthu wa mu 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse, ndipo pa ana osakwana zaka 5 amene amamwalira ndi chibayo, pafupifupi theka utsi umenewu umakhala utatengapo mbali.

Lowani m'khitchini mwanu muyang'ane kudenga. Mwaye umene wadetsa mitengo ndi udzu uja ndi womwewo mumapuma m'mawa, masana ndi madzulo. Mu utsi muli tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe timadutsa m'mphuno mpaka kukakhazikika m'mapapo. Mwana amapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, mapapo ake ndi osakhwima, ndipo nthawi yonse imene mwawerama pamoto iye ali kumsana kwanu, akumwa utsi womwewo. Kwa mayi woyembekezera, utsi umathandizira kuti mwana abadwe ndi sikelo yochepa. Kwa agogo umabweretsa chifuwa chosatherapo, befu, ndi ng'ala m'maso. Timalandira agogo aakazi amene sanasutepo fodya chibadwire, koma m'chifuwa muli ngati mwa munthu wosuta. Fodya wawo anali pamafuwa.

Choyamba chimene tinachita kwa mayi sichinadye ndalama iliyonse. Achimwene anachotsa njerwa zingapo pamwamba pa makoma awiri oyang'anizana, pafupi ndi denga, n'kuboolanso windo limodzi chakumunsi. Utsi umakwera m'mwamba, ndiye umafuna potulukira pamwamba, ndipo mpweya wabwino umafuna polowera pansi. Bowo limodzi silikwanira, mphepo imafuna polowa ndi potuluka. Panja tinamanga kachisakasa kopanda makoma, kophikiramo m'chilimwe. Mvula ikakhala kuti sikugwa, kuphikira panja kumaposa khitchini ina iliyonse.

Chachiwiri, tinachotsa mafuwa n'kuika mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene magulu a amayi amaumba ndi kugulitsa m'maboma ambiri. Pamafuwa moto umabalalika, mphepo imautenga, poto amalandira pang'ono chabe. Mbaula imautsekera moto pamodzi ndi kuulozetsa pansi pa poto, dothi lake limasunga kutentha, ndipo imayaka bwino ngakhale ndi tinkhuni ting'onoting'ono, zitsononkho kapena mitengo ya nandolo. Kumadera a ku Nkhata Bay ambiri amadziwa Changu Changu Moto, yomanga ndi njerwa ndi dothi pakona pa khitchini, yophikira mapoto awiri nthawi imodzi. Mayi anaona okha kuti mtolo wa nkhuni wayamba kukhalitsa, ndipo maulendo a kuphiri achepa. Kwa munthu wodwala msana ndi mawondo, zimenezo si zazing'ono.

Koma ndisakunamizeni kuti mbaula payokha imathetsa chibayo. Kuno kwathu komwe kuno, ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, kunachitika kafukufuku wamkulu wokhudza ana oposa 10,000. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi kafani, ena anapitiriza kuphika pamafuwa. Zotsatira zitatuluka mu 2016, zinaonetsa kuti ana opsa ndi moto anachepa m'mabanja a mbaula, koma chibayo sichinachepe. Phunziro lake ndi loti mwana sapuma utsi wa pamoto wophikira wokha. Pali utsi wa zinyalala zimene timaotcha pabwalo, wa fodya wa abambo, wa nyali, wa kukhitchini kwa aneba. Choncho mbaula iyende limodzi ndi zinzake: mabowo otulutsa utsi, nkhuni zouma, ndi mwana amene ali kutali ndi moto. Pophika mutsitseni kumsana, mupatseni mkulu wake kapena agogo akhale naye pamphasa panja. Katemera asamuphonye, ndipo miyezi 6 yoyamba ayamwe bere lokha.

Ndipo chonde, amayi, tisiye kukoleza moto ndi majumbo ndi mapulasitiki. Amayaka msanga, inde, koma utsi wake ndi poizoni. Sungani timitengo touma ndi mapesi pamalo osanyowa kuti muzikolezera.

Pali tinzeru tina topulumutsa nkhuni tomwe sitifuna ndalama. Nyemba viikani usiku, m'mawa zimapsa msanga. Poto azikhala wovindikira. Nkhuni ziwazeni zikhale zing'onozing'ono ndipo ziume bwino musanasonkhe, chifukwa nkhuni yaiwisi imafuka kwambiri koma moto wake ndi wochepa. Mukhozanso kukonza dengu losunga kutentha: yalani nsanza zoyera kapena bulangete lakale m'dengu, nyemba zikawira kwambiri kwa mphindi 20 phulani poto ali chivindikirire, muikeni m'dengumo n'kufunditsa bwino. Zimapitiriza kupsa inu muli kudimba. Pobwera ziwiritseninso musanadye.

Tsopano nkhani imene imandiopsa kwambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kumadera ozizira ngati Dedza, Ntcheu, Mzimba ndi Thyolo, anthu amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo kuti afunde. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a okosijeni. Munthu amayamba mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kenako tulo tosadzukanso. Banja lonse likhoza kupita usiku umodzi. Ngakhale makala ataoneka ngati azilala, mbaula igone panja. Mukapeza anthu a m'chipinda chimodzi onse akudandaula mutu kapena akulephera kudzuka, tsegulani zonse, atulutseni panja, thamangirani nawo kuchipatala. Nyumba ifundeni mwa njira zina: matani ming'alu, konzani chitseko chimene chimalowetsa mphepo pansi, ikani makatani, mwana avale chipewa ndi sokosi. Wakhanda mufunditseni pachifuwa panu, khungu ndi khungu.

Chilimwe chachiwiri tinagwira za kuwala. Koloboyi ndi kandulo zimadya ndalama mwezi ndi mwezi, zimafuka, ndipo zaotcha nyumba ndi maneti ambiri. Parafini timamusunga m'mabotolo a zakumwa, mwana waludzu n'kumwa akuyesa madzi. Zikachitika musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta, chifukwa posanza parafini amalowa m'mapapo. Mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo. Matochi a mabatire ndi abwinopo, koma mabatire akatha timataya pabwalo, ana n'kumatola ndi kuika m'kamwa.

Kwa mayi tinagula sola yaing'ono ya mababu atatu ndi potchajira foni. Masiku ano pali makampani amene amakulolani kulipira pang'onopang'ono kudzera pafoni, koma funsitsani kuti mtengo wonse ukwana zingati komanso mukapita kuti ikaonongeka. Babu limodzi likhale kuchipinda, lina kukhitchini, lina pakhonde loyang'ana njira ya kuchimbudzi, kumene anthu amapondera njoka usiku. Panelo muzipukuta fumbi, apo ayi mphamvu imachepa. Ngati muli ndi batire lalikulu longa la galimoto, likhale pamalo opita mphepo pomwe ana sangafike. Muli asidi ndi mtovu, ndiye likatha musaliphwanye, bwezani kwa ogulitsa kapena kwa amene amagula mabatire akale. Phindu la kuwala ine ndimaliona chonchi: mwana akatentha thupi pakati pa usiku mumatha kumuona nkhope ndi kapumidwe, ndipo matenda a uchembere akayamba, foni ili ndi moto woimbira wa njinga yamoto.

Masana dzuwa ndi laulere. Tinakulitsa mawindo n'kupaka laimu makoma a m'kati. Chipinda chomwe chinali cha mdima ngakhale masana chinayera, moti mayi anayamba kutunga okha ulusi pasingano.

Tibwere kudenga. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tonse timalira malata, koma malata opanda siling'i mu Okutobala amasandutsa nyumba kukhala uvuni, ndipo mu Juni amaizizira ngati mtsuko. Kutentha kotere kumafooketsa amayi oyembekezera, okalamba ndi makanda, omwe madzi amatha msanga m'thupi. Siling'i siyofuna mabolodi odula. Ife tinagwiritsa ntchito mphasa za bango zokhomera pansungwi. Zimatchinga kutentha kochokera kumalata masana, ndipo nthawi yozizira zimasunga kufunda m'kati. Siyani timabowo pamwamba pa makoma a m'mbali, pakati pa siling'i ndi malata, kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo mutitchinge ndi waya wa gozi. Siyaninso potsegula kuti muzitha kuona ngati makoswe ndi mileme sizinamangemo. Mukapeza ndalama, penti yoyera pamwamba pa malata imabweza dzuwa. Ndipo inu amene muli ndi denga la udzu musachite manyazi. Udzu wofolera bwino, wokhala ndi pulasitiki pansi, ndi wozizira kuposa malata. Chachikulu khitchini italikirane ndi nyumba.

Pali malo amodzi amene ambiri sitiwaganizira: mpata umene umatsala pakati pa khoma ndi denga. Udzudzu wofalitsa malungo umatsatira mpweya umene timatulutsa ndi fungo la thupi lathu. Ukafika pakhoma umakwera m'mwamba n'kulowera pampata umenewo. M'nyumba yogona tsekani mpatawo ndi njerwa ndi dothi kuzungulira nyumba yonse. Koma mukatseka pamenepo mwatsekanso mphepo, ndiye tsegulani mawindo oyang'anizana n'kukhomamo waya wa gozi kuti mphepo izidutsa, udzudzu uzitsala panja. Musasokoneze ziwirizi: khitchini ikhale ya mabowo otseguka, nyumba yogona ikhale yotchingidwa ndi waya. Mawindo otsegula masana amathandizanso pa TB, yomwe imafala mosavuta m'chipinda chotseka, chamdima, chothithikana anthu. Ndipo ngakhale mutakonza zonsezi, neti ndi ya usiku uliwonse, chaka chonse.

Chilimwe chachitatu tinagwira makoma ndi pansi. Tonse tikukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Kupatula nyumba zimene zinakokoloka ndi madzi ndi matope a m'mapiri, zambiri zinagwa chifukwa makoma ananyowa kwa masiku angapo mpaka dothi lomangira kufewa. Mdani wa khoma ndi madzi a m'munsi. Kwezani khonde kuzungulira nyumba, likhale lotsetsereka kuti madzi azithawa khoma. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba. Denga lituluke mokwanira kuti mvula isamamenye khoma. Ngati simenti ndi yochepa, yambani kupulasitala m'munsi mwa khoma kufika m'mawondo kapena m'chiuno. Mitengo ya denga imangiriridwe kukhoma ndi waya, osati kungotsindira malata ndi miyala, yomwe imagwera anthu mphepo ikaomba. Koma mukaona mng'alu wolowa chala, kapena khoma lopendekeka, itanani mmisiri. Khoma lotero ndi logwetsa ndithu, musagonetse ana pafupi nalo. Ndipo ngati nyumba ili m'njira ya madzi kapena m'tsinde mwa phiri logumuka, kukonza sikungathandize, mverani malangizo osamuka.

Pokonza khoma, gwiritsaninso ntchito njerwa zakale zomwezo. Uvuni umodzi wa njerwa umadya mitengo ikuluikulu imene inatenga zaka zambiri kuti ikule. N'chifukwa chake kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Pakhomo pathu palibe akutikakamiza, koma mapiri ometeka tikuwaona, mitsinje youma tikuiona, ndipo amene amayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni ndi madzi ndi ife amayi ndi ana athu aakazi. Zilipo njerwa za simenti, ziliponso zopanikiza pamakina zosakaniza dothi ndi simenti pang'ono. Ngakhale zidina zimakhalitsa ngati maziko ndi okwera ndipo denga likuziteteza.

Pansi pa dothi pamasunga mazira a njoka za m'mimba, utitiri ndi matekenya, ndipo mwana wokwawa chilichonse amaika m'kamwa. Ngati simungathe kuika simenti nyumba yonse, yambani ndi chipinda chimodzi, chimene mwana amagona ndi kusewera. Kwinako zirani pafupipafupi, osasiya maenje. Nkhuku ndi mbuzi zisagone m'nyumba ya anthu. Ndikudziwa kuti timaopa akuba, koma mangani khola lolimba pafupi ndi windo la kuchipinda kwanu.

Nyumba zina zakale, makamaka zakumaesiteti ndi m'matauni, zili ndi denga la asibesitosi. Likakhala lathunthu lisiyeni, koma musalicheke, musaliphwanye, musalipale, chifukwa fumbi lake limaononga mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Penti yakale ya mafuta pazitseko ndi mawindo ikhoza kukhala ndi mtovu, womwe umaononga ubongo wa mwana. Musaipale youma, inyowetseni kaye, ndipo ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali mpaka mutakolopa.

Ngati muli ndi malata, madzi a mvula asamangotayika. Ikani lata lopinda m'mphepete mwa denga lolozetsa madzi mumgolo. Mvula yoyamba isiyeni itsuke fumbi ndi zitosi za mbalame. Mgolo ukhale wovindikira kuti udzudzu usaswanemo komanso mwana asagweremo. Madzi akumwa thirani kolorini kapena wiritsani. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye pokonza nyumba musaiwale chimbudzi. Chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, kumunsi kwake, pabowo pakhale chivindikiro, panja pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Dzenje lakale likadzaza, kwirirani bwino n'kudzalapo mtengo.

Mitengo nayo ndi mbali ya nyumba. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kumadzulo kwa nyumba dzalani mango kapena mtengo wina wa mthunzi kuti utchinge dzuwa la madzulo, koma patali ndithu kuti mizu ndi nthambi zisaononge nyumba. M'malire a munda dzalani gilisidiya, keshya ndi nandolo, muzisadzako nkhuni pakhomo. Pafupi ndi pamene mumataya madzi otsukira mbale dzalani mapapaya, nthochi ndi cham'mwamba, zomwe ndi chakudya cha ana.

Mwina mukuti, anamwino, zonsezi ndalama yake ichokera kuti? Yambani ndi zaulere: mabowo a kukhitchini, ngalande, kutseka mpata wa pansi pa denga, kutulutsa ziweto, kuumitsa nkhuni. Kenako zotsika mtengo: mbaula, laimu, waya wa gozi, mphasa za siling'i. Sola ndi simenti zibwere mukagawana ku banki m'khonde kapena mukagulitsa mbewu. Khalani pansi ndi abambo a kunyumba ndalama isanalowe, mugwirizane chimene chikuyamba. Abambo, khitchini musaione ngati nkhani ya amayi okha. Ana anu amathera maola ambiri kumeneko, ndipo ulendo umodzi wogonekedwa kuchipatala, kuphatikiza thiransipoti, chakudya cha wodikirira ndi ntchito ya kumunda yoima, umaposa mtengo wa mbaula ndi waya. Mutu umodzi susenza denga, choncho gwirizanani mabanja angapo, lero kukonza kwa uyu, sabata yamawa kwa winayo.

Pamene mukukonza, maso akhale pa mwana. Akamatsokomola werengani kapumidwe kake kwa mphindi imodzi ali phee. Wosakwana miyezi 2 akamapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50 kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mofulumira, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena walefuka, musadikire kuti kuche. Akapsa ndi moto kapena phala, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, kenako kuchipatala. Osapaka dzira, mafuta, dothi kapena mankhwala otsukira mano.

Ntchito ya sabata ino ndi imodzi yokha. Madzulo ano moto ukayaka, imani pakhomo la khitchini muone kumene utsi ukupita. Ngati ukungozungulira m'kati n'kutulukira pakhomo pomwe mwaimapo, mawa chotsani njerwa pamwamba pa makoma awiri. Uthengawu auzeniko apongozi, aneba ndi anzanu a kusikelo amene alibe foni.